Dziko la m'mbali mwa msewu: maufumu amene analamulira kwawo kwa Ayuda

Kumpoto kwa dziko la Israel, m'mphepete mwa chigwa cha Jezreel, kuli kachitunda kotchedwa Megiddo. Ukakaonera patali ungati ndi chulu chachikulu, ndipo sungalakwe kwenikweni, chifukwa kachitundako kanakwera ndi manja a anthu. Akatswiri ofukula zinthu zakale atakakumba anapeza mizinda yoposa 20 yosanjikizana, uwu utamangidwa pa bwinja la unzake. Cha m'ma 1457 BC, ndiko kuti Khristu asanabadwe, Farao Thutmose III wa ku Egypt anagonjetsera pamenepa mafumu a ku Canaan amene anamupandukira. M'chaka cha 609 BC mfumu Josiah ya ku Judah inalasidwa pomwepa ikufuna kutsekereza Farao Necho. Mu Sepitembala 1918 asilikali a Britain, motsogoleredwa ndi Edmund Allenby, anabalalitsa gulu lankhondo la Ottoman m'dera lomweli. Ngakhale dzina lija la Armagedo, limene timalimva m'maulaliki a nkhondo yotsiriza, akatswiri ambiri amati likuchokera ku mawu achiheberi otanthauza phiri la Megiddo.

Nkhondo zotalikirana zaka zoposa 3,000 sizinakumane pa malo amodzi mwangozi. Tengani mapu. Kumwera chakumadzulo kuli Egypt ndi mtsinje wake wa Nile. Kumpoto chakum'mawa kuli dera la mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kumene lero kuli Iraq. Kuwiri konseku kunali chakudya chambiri, anthu ambiri ndi mafumu amphamvu. Pakati pawo pali chipululu chimene gulu lankhondo silikanadutsa osatha ndi ludzu, ndipo kumadzulo kuli nyanja ya Mediterranean. Njira yaikulu yokhala ndi madzi ndi msipu inali iyi: kadziko kowonda kapakati pa nyanjayo ndi mtsinje wa Jordan, kosakwana makilomita 100 m'lifupi. Amalonda ankadutsa pamenepo, asilikali nawo ankadutsa pomwepo. Mwini munda wa m'mbali mwa msewu nzimbe zake sadya yekha.

Ambirife mbiri ya dzikoli tinaiyambira ku Sande sukulu, ndipo chimene chinatsala m'mutu ndi ulemerero wa David ndi Solomon. Koma tikawerenga zaka, nthawi imene Aisraeli kapena Ayuda ankadzilamulira okha ndi yochepa poyerekeza ndi imene anali pansi pa ena. Chimene chimandikoka mtima pa mbiriyi n'chakuti ufumu uliwonse unali ndi njira yakeyake yochitira ndi anthu ogonja, ndipo njira zimenezo ndi zimene zinaumba Chiyuda, n'kuumbanso mkangano umene tikuumva pa wailesi masiku ano.

Kwa zaka pafupifupi 300 Canaan anali m'manja mwa Egypt. Ku Amarna, ku Egypt, kunapezeka makalata olembedwa pa mapale adongo a m'zaka za m'ma 1300 BC, ndipo ena analemba ndi Abdi-Heba, mfumu yaing'ono ya Jerusalem, kuchonderera Farao kuti amutumizire asilikali oponya mivi chifukwa adani amupanikiza. Dzina la Israel likuoneka koyamba kunja kwa Baibulo pa mwala umene Farao Merneptah anaimika cha m'ma 1208 BC, pamene akudzitama kuti waseseratu Israel ndipo mbewu yake palibe.

Pambuyo pake Egypt anafooka, maufumu ena akuluakulu anagwa, ndipo kwa kanthawi msewu uja unakhala wopanda mwini. Mpata umenewu ndi umene unalola timaufumu ting'onoting'ono kumera: Afilisiti kugombe, Moab, Ammon ndi Edom kum'mawa ndi kumwera, Aram ku Damascus, ndiponso Israel ndi Judah kumapiri. Ufumu wa David, cha m'ma 1000 BC, ndi wa nthawi ya mpata umenewu. Akatswiri amakangana za kukula kwake, ena amati unali wotambalala, ena amati unali wa kumapiri chabe. Koma mu 1993 ku Tel Dan kunapezeka chibenthu cha mwala wa mfumu ina ya Aram, wa m'zaka za m'ma 800 BC, chotchula "nyumba ya David". Solomon atamwalira cha m'ma 930 BC ufumu unang'ambika pawiri. Wakumpoto, Israel, ndiwo unali wolemera ndi wa anthu ambiri. Mfumu Omri inamanga likulu ku Samaria, ndipo mwana wake Ahab akutchulidwa m'zolemba za Assyria pakati pa mafumu amene anagwirizana kumenyana ndi Shalmaneser III, mfumu ya Assyria, ku Qarqar mu 853 BC. Judah, kumwera, anali wamng'ono ndi wosauka, wobisala m'mapiri kutali pang'ono ndi msewu. Kusauka kumeneko kunamuthandiza kukhalitsa.

Ufumu wa Assyria unali ndi ndondomeko yodziwika. Poyamba unkangofuna mtulo: golide, siliva, akavalo, chaka ndi chaka, mfumu ya deralo n'kukhalabe pampando. Ku British Museum ku London kuli mwala wakuda wosemedwa umene ukuonetsa Jehu, mfumu ya Israel, kapena nthumwi yake, atagwada mphumi ili pansi pamaso pa Shalmaneser III cha m'ma 841 BC. Mfumu ikaleka kutula mtulo, Assyria ankabwera kudzaichotsa, kudula dziko lake, n'kuikapo munthu wake. Anthuwo akapandukanso, ndiye kunali kuwazula ngati chitsa. Izi ndi zimene zinagwera Israel pamene mfumu Hoshea inaleka kupereka mtulo podalira thandizo la Egypt limene silinabwere. Samaria anagwa cha m'ma 722 BC, ndipo Sargon II, mfumu ya Assyria, analemba kuti anatenga anthu 27,290.

Chofunika kumvetsa ndi mmene anawasamutsira. Anawamwaza m'madera otalikirana, ena ku mtsinje wa Habor, ena ku mizinda ya Amedi, ndipo m'malo mwawo anabweretsa anthu a ku Babylon, Cuthah ndi Hamath. Cholinga chinali choti munthu adzuke pakati pa anthu a chinenero china, opanda mfumu yake, opanda manda a makolo ake, kuti pakatha mibadwo iwiri asakumbukirenso chopandukira. Zinatheka. Amene anatengedwawo anasungunuka pakati pa mitundu ina, ndipo n'kumene kunachokera nkhani ya mafuko khumi otayika. Si onse anatengedwa. Ambiri anathawira ku Jerusalem, mzinda umene unakula kwambiri m'zaka zimenezi, ndipo ena anatsala komweko. Asamariya, amene timawadziwa m'Mauthenga Abwino, amati ndi zidzukulu za otsalawo. Alipobe mpaka lero, osakwana 1,000, pa phiri la Gerizim pafupi ndi Nablus ndiponso ku Holon.

Judah anangotsala pang'ono kutsatira. Sargon atafa mu 705 BC, mfumu Hezekiah inapanduka. Pokonzekera nkhondo inakumbitsa ngalande ya pansi pa thanthwe, yotalika mamita oposa 500, yotenga madzi a kasupe wa Gihon kuwalowetsa mkati mwa linga. Madzi akuyendabe m'ngalandemo ndipo alendo amadutsamo ndi tochi. Sennacherib, mfumu yatsopano ya Assyria, anabwera mu 701 BC n'kulemba kuti analanda mizinda 46 yokhala ndi malinga, ndipo Hezekiah anamutsekera mu Jerusalem ngati mbalame m'chikwere. Kugwa kwa mzinda wa Lachish anakusema pa makoma a nyumba yake yachifumu ku Nineveh. Koma Jerusalem sanagwe. Baibulo limati mngelo anakantha msasa wa adaniwo, zolemba za Assyria zimati Hezekiah analipira mtulo waukulu, ndipo mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa chinthu chimodzi: matalente 30 a golide.

Patapita zaka pafupifupi 90 Nineveh anagwa, mu 612 BC, ndipo Egypt ndi Babylon anayamba kulimbirana chuma cha masiye cha Assyria. Josiah anafera pakati pa kulimbirana kumeneku. Mu 605 BC Nebuchadnezzar, yemwe m'Baibulo lathu timamuwerenga kuti Nebukadinezara, anagonjetsa Egypt ku Carchemish, ndipo Judah anakhala wotula mtulo ku Babylon. Ku Jerusalem nduna zinagawikana, zina zikuti tigonjere, zina zikuti Egypt adzatithandiza. Mneneri Jeremiah anali wa mbali yogonjera ndipo anamuyesa kazitape. Mu 597 BC Nebuchadnezzar anatenga mfumu Jehoiachin pamodzi ndi akuluakulu ndi amisiri. Zedekiah, amene anamuika pampando, anapandukanso, ndipo mu 586 BC, ena amati 587, mzinda unatenthedwa pamodzi ndi kachisi. Ana a Zedekiah anaphedwa iye akuona, kenako anamukolowola maso.

Apa ndi pamene mbiri yonse ikutembenukira, ndipo chifukwa chake n'chaching'ono pochiona. Babylon sankasamutsa anthu ngati Assyria. Sanabweretse mitundu ina kudzakhala m'midzi ya Judah, ndipo amene anawatenga anawakhazika pamodzi, m'midzi yawoyawo, m'mbali mwa ngalande zothirira minda. Mapale adongo amene apezeka akutchula mudzi wina wotchedwa Al-Yahudu, kutanthauza mudzi wa Judah, ndipo akuonetsa anthu ake akubwereka minda, kulipira msonkho, kukwatitsa ana, kwinaku akupatsabe ana awo mayina okhala ndi dzina la Mulungu wawo. Mapale ena a m'nyumba yachifumu ku Babylon akulemba mafuta amene ankaperekedwa kwa Jehoiachin, mfumu ya Judah, ndi ana ake asanu. Anthu anali ku ukapolo, koma akulu awo, ansembe awo ndi alembi awo anali nawo limodzi.

M'maganizo a nthawi imeneyo, mzinda ukagwa ndiye kuti mulungu wake wagonja, ndipo chanzeru chinali kuyamba kupembedza mulungu wa opambanawo. Jeremiah ndi Ezekiel analitembenuza ganizo limeneli. Anati Mulungu wa Israel sanagonje, ndi iye amene watenga Babylon ngati chikwapu, ndipo ngati ali Mulungu wa dziko lonse, angapembedzedwe ngakhale kutali ndi Jerusalem. Jeremiah analembera akapolowo kalata yowauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndipo afunire zabwino mzinda umene akukhalamo. Popanda kachisi ndi nsembe, zimene munthu angayende nazo kulikonse zinakula mphamvu: Sabata, mdulidwe, malamulo a zakudya, ndi mipukutu ya malemba, imene yambiri inasonkhanitsidwa ndi kulongosoledwa kuyambira nthawi imeneyi. Ine ndimaona kuti Babylon akanachita monga Assyria, bwenzi dzina la Judah tikulimva ngati la Moab kapena Edom, mitundu imene inatha.

Mu 539 BC Cyrus wa ku Persia, Koresi wa m'Baibulo, analanda Babylon. Nzeru ya Persia inali ina: anthu azipembedza milungu yawo, azisunga miyambo yawo, bola msonkho uzifika ndipo malire azikhala bata. Judah anali pa njira yopita ku Egypt, choncho kukhala ndi anthu oyamika pamenepo kunali kothandiza Persia. Ayuda analoledwa kubwerera ndipo kachisi wachiwiri anamalizidwa cha m'ma 515 BC, mu ulamuliro wa Darius I. Nehemiah, woperekera chikho wa Artaxerxes I, anadzamanganso linga mu 445 BC. Koma mpando wa David sunabwerere. Zerubbabel, mdzukulu wa Jehoiachin, anali bwanamkubwa chabe wa kachigawo kotchedwa Yehud, ndipo pang'ono ndi pang'ono utsogoleri unagwera m'manja mwa mkulu wa ansembe. Chiaramu, chinenero cha boma, chinalowa m'misika ndi m'makomo, n'chifukwa chake zaka 500 pambuyo pake Yesu ankalankhula Chiaramu. Ambirinso sanabwerere. Ayuda anakhalabe m'dera la Babylon zaka 2,500, mpaka mu 1950 ndi 1951 pamene oposa 100,000 anachoka ku Iraq kupita ku Israel.

Alexander wa ku Macedonia anadutsa pa msewu uja mu 332 BC akupita ku Egypt. Atamwalira, akuluakulu a asilikali ake anagawana ufumu, ndipo Judah anakhala pamalire a mabanja awiri: a Ptolemy ku Egypt ndi a Seleucus ku Syria. M'nthawi ya a Ptolemy, Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira malemba m'Chigiriki. Cha m'ma 200 BC dzikoli linapita kwa a Seleucus. Agiriki sankadalira kusamutsa anthu. Chawo chinali chikoka cha chikhalidwe: chinenero, masewera, maphunziro, mavalidwe, ndipo ana a olemera ku Jerusalem anachikonda. Udindo wa mkulu wa ansembe unasanduka malonda. Jason anaugula kwa Antiochus IV, Menelaus n'kubwera ndi ndalama zochulukirapo n'kumulanda. Mu 167 BC Antiochus analetsa Sabata ndi mdulidwe ndipo anaipitsa guwa la m'kachisi. Wansembe wina wa m'mudzi wa Modi'in, Mattathias, ndi ana ake anathawira kumapiri n'kuyamba nkhondo yobisalira. Mwana wake Judas, wotchedwa Maccabee, anayeretsa kachisi mu 164 BC, ndipo ndicho chiyambi cha chikondwerero cha masiku 8 cha Hanukkah. Nkhondoyi inalinso yapachiweniweni, pakati pa Ayuda okonda Chigiriki ndi okana.

Mu 142 BC Simon, m'bale wa Judas, anachotsa goli la msonkho, ndipo kwa zaka pafupifupi 80 banja limeneli, lotchedwa la Hasmonean, linalamulira dziko lodziimira. Mbiri yawo siyofewa. Amene anamenyera ufulu wopembedza anadzakhala okakamiza ena. John Hyrcanus anagwetsa kachisi wa Asamariya pa Gerizim ndipo anakakamiza anthu a ku Idumea kudulidwa kuti akhale Ayuda. Alexander Jannaeus, malinga ndi wolemba mbiri Josephus, anapachika Ayuda anzake 800 amene anamuukira. Mkazi wake Salome Alexandra analamulira mwamtendere kuyambira 76 mpaka 67 BC, koma atamwalira ana ake awiri, Hyrcanus ndi Aristobulus, analimbirana mpando, ndipo onse anapita kukadandaula kwa Pompey, mkulu wa asilikali a Aroma. Kunali kuitana fisi kuti adzaweruze mlandu wa mbuzi. Mu 63 BC Pompey analowa mu Jerusalem, n'kulowanso m'malo oyeretsetsa a m'kachisi.

Aroma poyamba ankalamulira kudzera mwa mafumu a m'deralo. Wodziwika kwambiri ndi Herod, wochokera m'banja la ku Idumea, anthu aja anakakamizidwa kukhala Ayuda. Analamulira kuyambira 37 mpaka 4 BC. Anamanga doko la Caesarea, malinga a Masada ndi Herodium, ndipo anakulitsa kachisi pa chiunda cha miyala ikuluikulu. Khoma la kumadzulo limene Ayuda amapempherapo lero ndi mbali ya chiunda chimenecho. Munthu yemweyo anapha mkazi wake Mariamne ndi ana ake aamuna atatu poopa kulandidwa ufumu. M'chaka cha 6 AD Aroma anachotsa mwana wake Archelaus n'kuyamba kulamulira Judea kudzera mwa abwanamkubwa. Anayamba ndi kalembera wa msonkho, ndipo kalemberayo anabala kuukira kwa Judas wa ku Galilee. Funso lija lofunsidwa kwa Yesu, ngati n'kololedwa kupereka msonkho kwa Kaisara, linali funso la ndale limene anthu ankafera. Pontius Pilate analamulira kuyambira 26 mpaka 36, ndipo mwala wokhala ndi dzina lake unapezeka ku Caesarea mu 1961.

Mu 66 bwanamkubwa Gessius Florus anatenga matalente 17 m'thumba la kachisi ndipo dziko linaphulika. Vespasian ndi mwana wake Titus anabwera ndi magulu ankhondo, ndipo mu 70 Jerusalem ndi kachisi zinagwetsedwa. Pa chipata cha chikumbutso cha Titus ku Rome mpaka lero pakuoneka asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7. Masada anagwa zaka zitatu kapena zinayi pambuyo pake. Ndalama imene Myuda aliyense ankapereka ku kachisi chaka ndi chaka inasandutsidwa msonkho wopita ku kachisi wa Jupiter ku Rome. Mu 132 anaukiranso, motsogoleredwa ndi Simon bar Kokhba, amene anasula ndalama zake ndipo makalata ake anapezeka m'mapanga a m'chipululu cha Judea. M'kalata ina, nkhondo ili mkati, akuitanitsa nthambi za kanjedza ndi zipatso zochitira chikondwerero cha misasa. Mfumu Hadrian inathetsa kuukirako cha m'ma 135 ndi kupha kosaneneka. Jerusalem anamangidwanso monga mzinda wachiroma wotchedwa Aelia Capitolina, Ayuda analetsedwa kukhalamo, ndipo chigawocho chinatchedwa Syria Palaestina. Dzina limeneli silinapekedwe tsiku limenelo. Linachokera ku dzina la Afilisiti, ndipo Mgiriki Herodotus ankaligwiritsa kale ntchito zaka pafupifupi 600 m'mbuyomo.

Ambiri amaganiza kuti pamenepa Ayuda onse anachotsedwa m'dzikomo. Sizinali choncho. Judea anaphwasuka, koma moyo wachiyuda unasamukira ku Galilee. Phunziro la ku Babylon linagwiranso ntchito: aphunzitsi achiyuda otchedwa marabi, kuyambira ndi Yohanan ben Zakkai ku Yavneh, anaika pemphero, sunagoge ndi kuphunzira Chilamulo m'malo mwa guwa la nsembe. Cha m'ma 200 Judah ha-Nasi anasonkhanitsa malamulo a pakamwa mu Mishnah. Ku Tiberias, zaka mazana angapo pambuyo pake, alembi otchedwa Masoretes anaika timadontho ndi timizere tosonyeza katchulidwe ka Chiheberi, ndipo malemba awo ndi amene omasulira Chipangano Chakale m'zinenero za dziko lonse amatsamira.

Zaka zoposa 1,500 zotsatira ndizidutsa mofulumira, ngakhale kuti ndi zimene zinasintha nkhope ya anthu a m'dzikomo. Constantine, mfumu ya Aroma, atakumbatira Chikhristu, dzikoli linasanduka la maulendo achipembedzo, ndipo tchalitchi cha pa manda a Yesu chinatsegulidwa mu 335. Pofika m'ma 500 Akhristu ndiwo anali ochuluka. Persia analanda Jerusalem mu 614, Heraclius, mfumu ya Aroma, n'kumubweza patapita zaka pafupifupi 15, ndipo maufumu awiriwa atatopetsana, Aluya anatulukira kuchokera kumwera. Anapambana pa mtsinje wa Yarmouk mu 636, ndipo cha m'ma 638 Jerusalem anaperekedwa kwa Umar, mtsogoleri wa Asilamu. Pansi pa Asilamu, Ayuda analoledwa kukhalanso mu Jerusalem. Iwo ndi Akhristu ankapembedza mwa njira yawo koma ankalipira msonkho wapadera wotchedwa jizya ndipo sankayesedwa ofanana ndi Asilamu. Abd al-Malik, mtsogoleri wina wa Asilamu, anamaliza nyumba ya denga lobulungira pa thanthwe la pamalo a kachisi cha m'ma 691. Anthu a m'midzi sanasinthidwe tsiku limodzi. Kwa mibadwo yambiri anasiya Chiaramu ndi Chigiriki n'kutenga Chiluya, ndipo ambiri analowa Chisilamu.

Mu Julayi 1099 ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya analanda Jerusalem n'kupha Asilamu ndi Ayuda a mumzindamo. Saladin, mfumu yachisilamu, anawagonjetsa ku Hattin mu 1187. Mafumu a Mamluk a ku Egypt anatsekereza Amongolo ku Ain Jalut mu 1260, m'chigwa chomwe chija cha Jezreel, ndipo mu 1291 analanda Acre, n'kugwetsa dala mizinda ya kugombe kuti a ku Ulaya asadzapezenso pokocheza. Mu 1516 anabwera a Ottoman a ku Turkey, amene anakhala zaka 400. Linga limene limaoneka pa zithunzi za Jerusalem wakale anamanga ndi Suleiman, mfumu ya a Ottoman, pakati pa 1537 ndi 1541. Ayuda othamangitsidwa ku Spain mu 1492 analandiridwa m'maiko a Ottoman, ndipo tauni ya Safed inakhala likulu la maphunziro achiyuda.

Tikafika apa pali chinthu chimene ndikufuna kuchinena mosapita m'mbali. Ayuda sanaleke kukhala m'dzikoli ndipo sanaleke kulitchula m'mapemphero awo kulikonse kumene anabalalikira. Nawonso Aluya a ku Palestine, Asilamu ndi Akhristu omwe, si alendo a dzulo. Makolo awo analima minda imeneyo ndi kusamalira mitengo ya azitona kwa mibadwo yosawerengeka, maufumu akusinthana pamwamba pawo. Aliyense wofotokoza mbiriyi mofufuta mmodzi wa awiriwa akudumpha mitu ya nkhani mwadala.

Cha m'ma 1880 Ayuda anali pafupifupi mmodzi pa anthu 20 alionse m'dzikomo. Kuphedwa kwa Ayuda ku Russia kuyambira 1881 kunayambitsa kusamuka kwatsopano, ndipo mu 1897 Theodor Herzl anachititsa msonkhano ku Basel wofuna kwawo kwa Ayuda ku Palestine. Mu 1903 Britain inawalonjeza malo kum'mawa kwa Africa, m'dera limene lero lili ku Kenya, koma mu 1905 anakana. Lamulo la malo la Ottoman la 1858 linali litachititsa kuti minda yambiri ilembedwe m'mayina a anthu olemera okhala m'mizinda. Banja la Sursock la ku Beirut linagulitsa dera lalikulu la chigwa cha Jezreel kwa mabungwe achiyuda m'zaka za m'ma 1920. Ogulawo analipira ndalama ndipo mapepala anali olongosoka, koma alimi achiluya amene ankakhala pamenepo anachotsedwa. Aliyense wodziwa milandu ya malo a maesiteti kwathu kuno angamvetse kuwawa kumene kumatsala pepala likasemphana ndi khasu.

Britain, mtsamunda yemweyo amene ankalamulira Nyasaland, analonjeza dziko limodzi kwa anthu angapo pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1915 ndi 1916 analemberana makalata ndi Sharif Hussein wa ku Mecca za ufulu wa Aluya. Mu 1916 anagwirizana mwachinsinsi ndi France zogawana deralo. Pa 2 Novembala 1917 Arthur Balfour, nduna ya Britain, analemba kalata yolonjeza kwawo kwa Ayuda ku Palestine. Pa 11 Disembala chaka chomwecho Allenby analowa mu Jerusalem wapansi kudzera pa chipata cha Jaffa. Kalembera wa 1922 anapeza anthu pafupifupi 757,000, ndipo Ayuda anali pafupifupi 84,000. Hitler atatenga boma ku Germany mu 1933 obwera anachuluka, Aluya anaukira kuyambira 1936 mpaka 1939, ndipo Britain inawapondereza ndi mfuti. Kenako mu 1939 inachepetsa Ayuda ololedwa kulowa kufika pa 75,000 m'zaka zisanu, nthawi yomweyo imene makomo onse a ku Ulaya ankatsekeka. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ndi chipani cha Nazi. Nkhondo itatha, magulu achiyuda okhala ndi zida anatembenukira Britain, ndipo bomba la pa King David Hotel mu 1946 linapha anthu 91.

Britain inatula nkhaniyi ku United Nations, imene pa 29 Novembala 1947 inavota, maiko 33 kuvomera ndi 13 kukana, kuti dziko ligawidwe pawiri ndipo Jerusalem akhale pansi pa ulamuliro wa maiko onse. Atsogoleri achiyuda anavomera. Aluya anakana, ponena kuti Ayuda, amene anali gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu, akupatsidwa malo opitirira theka. Pa 14 Meyi 1948 David Ben-Gurion analengeza dziko la Israel, ndipo tsiku lotsatira asilikali a maiko oyandikana analowa. Israel anapambana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Pompey, kupatula zaka zochepa za kuukira Aroma, Ayuda anali ndi boma lodziimira m'dzikolo. Pa nkhondo yomweyo anthu a ku Palestine pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa ndipo sanaloledwe kubwerera. Iwo chaka chimenecho amachitcha Nakba, kutanthauza tsoka. M'zaka zotsatira Ayuda mazana a zikwi anachoka kapena kuthamangitsidwa m'maiko achiluya, ambiri n'kukakhala ku Israel.

West Bank ndi kum'mawa kwa Jerusalem zinakhala m'manja mwa Jordan, Gaza m'manja mwa Egypt, mpaka nkhondo ya masiku 6 ya mu Juni 1967 pamene Israel analanda maderawa. Mapangano a Oslo a 1993 ndi 1995 anakhazikitsa Palestinian Authority, bungwe lolamulira la anthu a ku Palestine, n'kugawa West Bank m'zigawo zitatu, ndipo chachikulu, pafupifupi 60 peresenti, chinatsala m'manja mwa Israel, mmene midzi ya Aisraeli yakhala ikukula. Israel anachotsa asilikali ndi anthu ake ku Gaza mu 2005, gulu la Hamas linatenga deralo mu 2007, ndipo pa 7 Okutobala 2023 linaukira n'kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo yotsatirapo yapha anthu zikwi makumimakumi ku Gaza ndi kusandutsa mizinda mabwinja.

Za mwini wa Jerusalem sizinathebe. Mu 1980 Israel anakhazikitsa lamulo loti mzinda wonsewo ndi likulu lake, anthu a ku Palestine amafuna mbali ya kum'mawa ikhale likulu lawo, ndipo maiko ambiri anasunga akazembe awo ku Tel Aviv podikira kuti awiriwa agwirizane. America inasamutsira ofesi yake ku Jerusalem mu 2018. Mu 2020 boma la Malawi linalengeza kuti nalo litsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem. Ofesiyo inatsegulidwa mu Epulo 2024, ku Tel Aviv.